Chingwe cha Ndime ndi Liwiro la a Brave Mulepa

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1991 kufupi ndi msika wa Thuchila. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu a bambo Simon Mulepa ndi mayi Sheila, ndipo ine ndikuwerengane ndine mng'ono wawo, chitsirizira m'banjamo. Agogo athu anachokera ku Mozambique wapansi, n'chifukwa chake achimwene a Brave ankakonda kunena kuti chuma cha mtundu wathu ndi miyendo basi.

Sukulu anayamba mu 1997 ndipo analekezera Sitandade 8. M'kalasi sanali otchuka, tisanamizane pamaliro. Koma aphunzitsi ankawatuma kukagwira ana othawa sukulu, ndipo ena mwa ogwidwawo mwakhala pompano ndi ndevu zanuzo. Munkayamba ndinu kuthawa, koma munkabwerera mutagwidwa pakhosi pa malaya.

Mu 2008 analowa ntchito yopalira tiyi pa esiteti. Kwa alendo amene simudziwa ntchitoyi: m'mawa kapitawo amayala chingwe cha mamita 50 n'kudulira aliyense ndime yake, ndipo munthu saweruka asanaimalize. Kapitawo wawo anali a Paul Namathanga. Iwowa ndiwo anaona liwiro la malemu, n'kumawaphunzitsa madzulo pabwalo la mpira, wotchi ili m'manja. Ankawatchula kuti mwana wanga.

Mu Ogasiti 2009 wailesi inalengeza kuti munthu wa ku Jamaica wathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58, liwiro limene mpaka lero palibe walipitirira. Anthu mukomboni anakangana sabata yonse, ena ati thupi la munthu lafika pamalire, ena ati adzabadwa wina. Malemu sankalota zoposa munthuyo ayi. Ankangoti aliyense Mulungu anamuikira malire ake, ndipo iwo akufuna adziwe pamene pali awo.

Mu 2011 anamanga banja ndi mayi Lizzie ku mpingo wa CCAP. Poti bambo athu anali atatisiya, pampando wa bambo panakhala a Namathanga. Anavina, anafupa, analangiza.

Mu Julaye 2012 kunabwera akuluakulu a masewera kudzasankha othamanga oti akapikisane ndi a dziko lonse. Lamulo linali limodzi: wopita akhale wothamanga mamita 100 osafika masekondi 11. Tepi yoyezera bwalo anali ataiiwala, ndiye a Namathanga anati musavutike, chingwe cha ndime chilipo. Anachiyala kawiri n'kukhoma zitsulo uku ndi uku. Malemu anasiya anzawo onse kutali, fumbi lokhalokha, koma wotchi inati 11.3. Sanatengedwe. A Namathanga anawasisita paphewa n'kuwauza kuti miyendo yawo yathera pomwepo, abwerere ku khasu. Anakhulupirira, poti ananena ndi bambo. Nsapato zothamangira anapatsa ine, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitinawaonenso akuthamanga, ngakhale pothawa mvula.

Akuluakulu a banja anandipempha dzulo kuti gawo lotsatirali ndilidumphe, ati maliro si bwalo la milandu. Pepani amalume, ndakumvani, koma mwiniwake anandituma ali moyo.

Mu Meyi 2024 aphunzitsi a pasukulu yapafupi anabwera ndi tepi ya amisiri kudzakonza bwalo lija. Zitsulo zija zinali zikadalipo. Atayeza anapeza mamita 107. Anabwereza, anapezanso 107. Chingwe chija sichinali cha mamita 50. Chinalumikizidwa dala kuti ndime iliyonse izitalika, antchito azipalira zambiri osadziwa. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma masamu awa ndinawaphunzira ndekha mpaka ndinawamvetsa: pa mamita 100 enieni, achimwene anathamanga pafupifupi masekondi 10.6. Anali atapambana. Anayenera kukwera basi yopita kumpikisano uja.

Ndipo a Namathanga ankadziwa. Mfundo yolumikizira anamanga ndi manja awo. Tsiku lija akanangonong'oneza kuti bwalo latalika, mpikisano ukanabwerezedwa, koma antchito onse akanadziwa kuti akhala akuberedwa thukuta. Anasankha kusunga chingwe, n'kutaya mwana.

Malemu anapita kukawafunsa mwaulemu, atavula chipewa. Yankho linali lakuti madzi akatayika saoleka. Inde saoleka, koma wotaya amapepesa. Chingwe chija m'mawa mwake chinayalidwanso m'munda, ndipo mwa amene anaduliridwa nacho ndime munali alamu anga a Lizzie. Nkhaniyi itafika ku ofesi ya esiteti anati aiona. Akuionabe.

Ophunzira amati liwiro la munthu limathera m'mitsempha ndi m'mafupa. Mwina ku Jamaica. Kuno kwathu malire a munthu amawaika munthu mnzake, kenaka n'kudzakhala kutsogolo pamaliro ake.

Malemu anayamba kudwala impso mu Okutobala 2024. Miyendo ija, imene inkatinyaditsa, ndi imene inayamba kutupa. Anagonekedwa kawiri ku chipatala cha Mulanje Mission, ndipo anatisiya Lolemba pa 9 Juni 2025 ali ndi zaka 34. Asanatseke maso anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti liwiro lawo lenileni linenedwe pagulu. Ndalinena, ndipo ndibwereza kuti akumbuyo mumve: 10.6. Chachiwiri, kuti bokosi lawo lidzatsitsidwe ndi chingwe cha ndime, ndipo chisadzatuluke m'mandamo.

Titatumiza uthenga kwa a Namathanga, anati chingwecho chinasowa. Koma m'mawa uno amayi opalira tiyi, pobwera ndi nkhuni za pamaliro, mtolo wina anaumanga ndi chingwe chabuluu chachitali kwambiri. Sitinafunse kumene achitenga, ndipo aliyense wofuna kufunsa ayambe wafunsa ine. Chili m'manja mwa adzukulu.

Malemu asiya mkazi wawo a Lizzie, ana awiri, Takondwa ndi Diana, mayi athu a Sheila, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza anamwino a ku Mission amene anawasamala mpaka pomaliza, a mpingo, amayi a Mvano amene achezera nafe, adzukulu, aphunzitsi amene anabwera ndi tepi, komanso amayi a nkhuni aja. Mulungu akubwezereni ndi muyeso wosalumikiza.

Achimwene, dzenje lanu taliyeza ndi tepi, silinatalike ngakhale chala chimodzi. Chingwe mupita nacho, ndipo mawa alamu akapita kumunda sichikawapezanso. Mzimu wanu uuse mumtendere.