Bambo Winston Namakhwa Apita, Mawu Atsala Papepala

Malemu Bambo Winston Namakhwa anabadwa m'chaka cha 1961 ku Malosa, m'boma lino la Zomba. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Mu 1985 anamanga banja ndi Mayi Modester, omwe akhala kumutu kwa bokosiku.

Anagwira ntchito yolondera nkhalango kuphiri kuno zaka makumi atatu. Moto ukabuka m'mapaini ankakuwa ali ku Mulunguzi, anzawo kutsidya n'kumva. Kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo.

Mu 2022 mawu awo anayamba kusasa. Tonse tinkati n'chimfine cha kuphiri, mpaka miyezi isanu ndi itatu inatha. Ku Blantyre madokotala anawapeza ndi khansa ya pakhosi. Anachotsa kholingo lonse, anadula mnofu wa pachifuwa n'kukonzera njira ya chakudya, n'kusiya kabowo pakhosi kopumira. Atatsitsimuka anayesa kuitana akazi awo, koma panangotuluka mpweya.

Madokotala anayesetsa, koma bala linakana kupola. Anasoka katatu. Akamwa phala linkatulukira pabalapo n'kunyowetsa malaya, mpaka anawaika kapaipi m'mphuno. Anabwerera kunyumba ku Chinamwali ndi kope ndi cholembera.

Abale, chowawa n'chakuti Mayi Modester sanapite kusukulu. Anthu oti akhala limodzi zaka zonsezi ankadikira mwana wawo Loveness aweruke kuntchito kuti awawerengere. Tsiku lina malemu analemba kuti, “Uwauze amayi ako asamandiyankhe mokuwa. Makutu ndili nawo.” Masamba ambiri a kumapeto ali ndi liwu limodzi lokha: “Ndatopa.”

Chaka chino khansa inayambiranso, madokotala n'kutiuza kuti palibenso poti n'kusoka. Lachiwiri masana, Loveness ali kuntchito, malemu analemba tsamba lathunthu movutikira, n'kulipereka m'manja mwa akazi awo. Mayi analimanga pansonga ya chitenje, kudikira mwana. Pomwe Loveness ankafika, bambo ake anali atatisiya. Tsambalo taliyesa tonse, ndi abusa omwe, koma palibe liwu lowerengeka. Mayi akufunsabe kuti, “Kodi amati chiyani?”

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, Loveness, Elvis ndi Jacqueline, zidzukulu zisanu, komanso mlongo wawo mmodzi.

Avutika mokwanira. Tsopano apumule mu mtendere.