Setifikado ya Laurinda

Ine, Olímpio Nacuala, wa zaka 58, wa ku Molumbo, mlimi wa chimanga ndi nandolo, ndikunena izi.

Mwana wanga Laurinda amaphunzira zauphunzitsi ku yunivesite kudzera pa intaneti, ali pakhomo. Chino ndi chaka chake chomaliza. Pa 3 Marichi anabwera ndi kafulashi n'kunena kuti, "Papa, atipatsa setifikado dijitale." Anakaika m'chitini pamodzi ndi kapepala ka mawu achinsinsi otsegulira.

Ine setifikado yomwe ndimadziwa ndi pepala lopachika pakhoma. Sindinafunse. Pa 10 Marichi, iye ali kumunda, ndinatenga chitinicho kuti ndikasindikize setifikadoyo, adzangoiona ili m'galasi. Ndinafika ku Milange 11 koloko, n'kulowa m'kashopu ka fotokope, mamita 200 kuchokera pamsika. Mwini wake ndi Gelson, yemwe Laurinda anamukana ukwati chaka chatha. Ndinapitira dala, kuti aone pomwe mwana wanga wafika.

Gelson anatenga fulashi ndi kapepala, nakhala pa kompyuta mphindi makumi awiri. Kenako anati, "Madala, iyi siyotuluka papepala." Anandibwezera akumwetulira.

Pa 28 Marichi kompyuta inamukana Laurinda kulemba mayeso. Tinapita ku ofesi ya yunivesite. Mayi wa pamenepo anationetsa kalata ya pa 11 Marichi yonena kuti Laurinda wasiya sukulu mwa kufuna kwake. Laurinda anakana. Mayiyo anati, "Yasainidwa ndi setifikado yake. Setifikado sinama." Ndi pomwe ndinamva kuti chinthucho ndi chidindo cha munthu mmodzi, chotsimikizira kuti uthenga wachokeradi kwa iye. Ndinaulula kuti ndinachipereka kwa Gelson ndine. Mayiyo anati mawu apakamwa sawerengedwa, ndibweretse pepala la polisi pasanafike pa 15 Epulo, apo ayi dzina la Laurinda lifufutidwa.

Akukhulupirira kanthu kosaposa chala, mwini wake ataima pamaso pawo akulira. Zimenezi zikundiwawa.

Gelson sindinamuone akulemba kalatayo, ndisaname. Laurinda sanandiyankhule chichokereni ku ofesi kuja.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Kulemba sinditha, ndidinda chala. Wapolisi wolemba izi akuti chidindo cha chala nachonso m'chiyankhulo cha boma amachitcha dijitale. Chokhachi palibe angachitenge m'chitini.

Chala cha: Olímpio Nacuala