Kuseri kwa Khadi ya Mayi Mafunso

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Ogasiti 1961, achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo anali telala, mayi awo ankachapa zofunda pachipatala. Anayamba sukulu mu 1968, namaliza sekondale mu 1980. Mu 1984 analandira satifiketi ya unamwino ndipo anawaika m'chipinda chotsukira zilonda, chimene anzawo ankachithawa chifukwa cha fungo. Iwo anakhalamo zaka 37.

Odwala anawapatsa dzina loti Mayi Mafunso. Munthu ankabwera ndi chilonda chapamwendo, iwo n'kuyamba kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Ankagwira phazi kuti amve ngati likutentha kapena lazizira, ankalikanda pang'ono kuti adziwe ngati lachita dzanzi, ankayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Akatero ankayamba kufunsa zimene munthuyo wadya dzulo, ngati amasuta, maola amene amaimirira kuntchito, ndi amene amamusamalira kunyumba. Mayankho onse ankawalemba kuseri kwa khadi ya wodwala. Kutsogolo kunali kwa chilonda, kuseri kwa mwini chilonda. Ankati chilonda sichiyenda chokha kubwera kuchipatala, chimabwera ndi munthu.

Mu 1986 kunabwera wokonza maloko atadzicheka chikhatho ndi chitsulo. Atafunsidwa kuti amamuphikira ndani kunyumba, anayankha kuti palibe. Malemu analemba yankholo kuseri kwa khadi, n'kulidula mzere kunsi. Chilonda chinapola m'masabata awiri, koma wodwalayo sanasiye kubwera. Ukwati unachitika pa 12 Disembala 1987. Ana awo amaseka kuti tsiku limenelo ndi limene bambo awo analankhula kwambiri m'moyo wawo wonse.

Kuyambira mu 1995 malemu ankaphunzitsanso anamwino atsopano. Mu 2003 mmodzi wa iwo, mtsikana wachangu m'manja, anamanga chilonda cha mkulu wina osamufunsa kanthu. Malemu anamumasulitsa bandeji pamaso pa anzake kuti ayambirenso. Mtsikanayo sanaiwale. Malemu atapuma ntchito mu 2021, iyeyo ndiye anakhala sisitala wamkulu wa chipindacho, ndipo mwezi woyamba womwewo analamula kuti kuseri kwa khadi kusamalembedwenso, ati mafunso amatalikitsa mzere. A sisitala aakuluwo ali nafe pano. Tawaona, akhala pafupi ndi nkhata yamaluwa imene abweretsa.

Pa 6 Meyi chaka chino, nsapato yatsopano inawatulutsa malemu thuza pachidendene. Sanamve kuwawa. Amuna awo ndiwo anaona magazi pa sokosi. Malemu ankadziwa bwino tanthauzo la phazi losamva, choncho pa 8 Meyi anapita kuchipinda chawo chakale, nakhala pabenchi ngati wina aliyense. Anapempha kuti awayeze shuga. A sisitala aakulu anawayankha, odwala onse akumva, kuti wopuma ntchito azipuma, za mafunso zinapita ndi eni ake. Pa ulendo wachinayi anapemphanso, ndipo anauzidwa kuti kachilonda kotere sikofunika kuitanira mpingo. Malemu sanafune kuoneka ngati akulamula pakhomo pa eni. Anatseka pakamwa, akukhulupirira kuti ana amene anawaphunzitsa okha akumbukira.

Anapitako maulendo khumi ndi umodzi. Ulendo uliwonse chilonda chinayezedwa ndi rula, chinatsukidwa, chinamangidwa mwaluso, bandeji yoyera mbuu. Palibe anagwira phazi lija. Palibe anafunsa chifukwa chake mayiwa ankayenda ndi botolo la madzi koma ludzu osatha, kapena chifukwa chake siketi inayamba kuwakulira. Amuna awo ankakhala panja pa chitseko, chipewa pabondo. Mbali yawo ya mlanduwu akuidziwa ndipo sakuikana. Munthu amene watsegula maloko a anthu kwa zaka makumi anayi analephera kutsegula pakamwa pake.

Pa 19 Juni malemu anakomoka m'khitchini. Mwana wawo wamkazi anathamangira nawo kuchipatala china, kumene namwino anawayeza shuga pasanathe mphindi zisanu. Makina analephera kuwerenga kuchuluka kwake. Mwendo unadulidwa pa 21 Juni, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Anatisiya m'mawa wa pa 27 Juni, ali ndi zaka 62.

Tsono banja likudziwitsa onse izi. Khadi ya malemu ili m'thumba la jekete ya amuna awo. Achipatala aitumira munthu kawiri, ati ndi katundu wa ofesi. Siibwerera, ndipo siilowa m'bokosi. Kutsogolo kwake kuli masiginecha khumi ndi imodzi, dzanja lomwelomwelo la a sisitala aakulu. Kuseri kwake kulibe ngakhale kadontho ka inki. Lolemba m'mawa khadiyi ikukaperekedwa ku bungwe loona za ntchito ya anamwino. Nthawi imene achipatala anapempha kuti alankhule pamwambo uno, banja silinaipereke. Mawu awo awasunge, akawafuna kumeneko. Nkhata yawonso abwerere nayo, akaikoleke pachitseko cha chipinda chija.

Abwera ambiri kudzanena kuti zinalembedwa kale, tikhululuke, tiiwale. Amuna a malemu amvetsera aliyense mpaka kumaliza. Amene ali ndi maloko ofuna kukonza adziwe kuti shopu ya bambowa izikhala yotseka Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku otsuka zilonda. Mwini shopu azikhala pabenchi ija, chipewa pabondo, kupempha wodwala aliyense wotuluka kuti atembenuze khadi yake. Ikakhala yoyera kuseri, azimuperekeza kubwerera mkati. A sisitala aakulu aziwaona nthawi iliyonse akatsegula chitseko. Mlandu suwola, ndipo bambowa sathamangira kulikonse.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, adzukulu asanu, mchemwali wawo mmodzi ndi achimwene awiri. Tikuthokoza anamwino a chipatala chachiwiri chija, amene anachita zonse zotheka ngakhale tinafika mochedwa. Tikuthokoza anansi amene anatibwereka galimoto, a kwaya, ndi odwala akale amene abwera ndi miyendo yawo iwiri chifukwa cha mafunso a mayiwa. Mwapadera tikuthokoza mayi okolopa m'khonde la chipinda chotsukira zilonda. M'maulendo onse khumi ndi umodzi, ndi iwo okha amene anafunsa malemu ngati adyako kanthu.

Mayi Mafunso, gonani mumtendere. Mafunso amene inu simunafunsidwe atsala ndi amuna anu, ndipo Lolemba akayamba kuwafunsa.