A Lameki Rajabu, Amene Anauzidwa Kuti Abwerere Kwawo

Malemu anabadwa pa 3 Juni 1965, kwinakwake m'boma la Mangochi. Tikuti kwinakwake chifukwa tsiku atate awo ankalitchula, koma mudzi sankautchula. Agona m'bokosi umu ndi bambo Lameki Rajabu. Ambiri mwa inu mwadzakhuza mwakhala mukufunsana chamunsimunsi kuti bwanji munthu amene anakhala zaka zoposa makumi atatu pabanja ku Chisemphere akuikidwa kuno ku Mtunthama, kumanda a alendo. Mbiri yawo iyankha yokha. Ikatalika mutikhululukire, poti eni ake ali moyo sanapatsidwe mpata woifotokoza.

Mayi awo anamwalira mu 1969, malemu ali ndi zaka zinayi. Mwa mwambo wa kumeneko mwana ndi wa kuchikazi, koma atate awo, a Rajabu, mtima sunawalole kumusiya. Chaka chomwecho kunabwera lole yodzatenga anthu okalima fodya m'maesiteti a kuno ku Kasungu. A Rajabu anakwera, mwana ali paphewa, osatsanzika munthu. Poopa kuti atsibweni a mwanayo angawalondole, dzina la mudzi analikwirira m'mimba. Mwana akafunsa kuti kwathu ndi kuti, ankamuyankha kuti kwathu ndi kumene fodya wamera chaka chino.

Anakhazikika pa esiteti ina ya fodya wa bale kufupi ndi Chisemphere. A Rajabu anali Msilamu, ndipo popeza mzikiti kunalibe, ankapemphera okha kuseri kwa chigafa. Mwana wawo, amene nthawi imeneyo ankatchedwa Kasimu, anayamba sukulu mu 1973 ndipo analekezera sitandade 4. Mvula ikagwa ankajomba kukawokera, masamba akakhwima ankajomba kukathyola. Komabe kusukuluko anatolako chinthu chimodzi chimene chinawatsata mpaka imvi. Anaona kuti anzawo onse ndi a Phiri, a Banda, a Mwale, a Nkhoma, ndipo Phiri akakumana ndi Phiri mnzake, ngakhale sadziwana, amaitanana m'bale n'kupatsana madzi. Mwanayo anati basi nayenso Rajabu ndiwo mfunda wake, ndipo kwinakwake kuli mtundu wa a Rajabu umene ukumudikira. Panalibe womuwongola. Angadziwe bwanji mwana wokulira pakati pa Achewa?

M'mwezi wa Malichi 1977, nthawi yosoka fodya, atate awo anagwa m'chigafa ndipo sanadzukenso. Matenanti anzawo anawaika kumalire a esiteti, patsinde pa mitengo ya bulugama. Kapitawo anawalola kulira mpaka masana, madzulo anabwerera ku fodya. Mwana wamasiyeyo anatengedwa ndi a Zakeyo ndi akazi awo, matenanti a ku Phalombe, anthu opemphera. Mu 1982 anabatizidwa n'kulandira dzina la Lameki. Akulu ena anawalangiza kuti atengeretu dzina la a Zakeyo, kuti zachisilamu zithere pomwepo. Malemu anakana mwaulemu. Anati atate awo sanawasiyire mbuzi, sanawasiyire khasu, anawasiyira dzina lokhali, ndiye akalitaya atsala ndi chiyani. A Zakeyo atabwerera kwawo mu 1985, malemu anatsala okha pa esitetipo.

Pa 17 Sepitembala 1988 anamanga banja ndi mayi Enelesi Mwale a ku Chisemphere, ndipo anakakhala chikamwini. Kwina kukanakhala kuti? Anapatsidwa tchire la zitsa limene eni mudzi analilephera. Analizula, n'kukhala munda umene anthu odutsa ankaima kuuyang'ana. Anamanga zigafa zitatu. Mu 1996 anamanga nyumba ya njerwa zootcha, yamalata, yoyamba m'mudzimo. Anakumba chitsime chimene mudzi wonse ukumwa mpaka lero. Alamu awo anaphunzira kwa iwo kusamala nazale, kusankha masamba ndi kudinda mabelo osabwezedwa ku okushoni. Kutchalitchi ndiwo ankaliza belu, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mvula kaya dzuwa.

Koma dzina silinawaleke. M'dera lonselo Rajabu anali mmodzi yekha, ndiye linkaonekera ngati nkhuku yoyera. Ankawatchula a Shehe. Pa zikwati wina sankalephera kukuwa kuti a Shehe musawaikire ya nkhumba, angatiwerengere Chiarabu. N'zoona nkhumba sankadya, osati chifukwa cha chipembedzo, koma polemekeza atate awo. Kukasowa mbuzi, maso ankayamba kuyang'ana kwa obwera. Akayankhula pa msonkhano, ankakumbutsidwa kuti mkamwini asamakule mwendo. Malemu ankaseka nawo. Koma mayi Enelesi ankadziwa kuti tsiku limene amuna awo aseka kwambiri pagulu, madzulo ake sadya.

Mulungu anawapatsa ana atatu. A Olive anabadwa mu 1990, a Frazer mu 1993, ndipo a Nthanda mu 1998. Onse anawaphunzitsa ndi fodya, ndipo ankawauza kuti tsiku lina adzawatenga kukaona abale awo, a Rajabu a ku Mangochi.

Pa 22 Ogasiti 2021 mayi Enelesi anatisiya. Malemu analambula okha malo a manda, ndipo kumanzere kwa akazi awo, pafupi ndi mtengo wa msuku, anasiya danga. Aliyense anaona ndipo aliyense anamvetsa. Atatha kukolola mu 2022, akuchikazi motsogozedwa ndi mwini mbumba, a Levison Mwale, anaitanitsa mwambo wa kusudzula, womasula mwamuna wofedwa. Anawathokoza ndi mawu okoma, anawapatsa nkhuku, n'kuwauza kuti tsopano ndi omasuka, akhoza kubwerera kwawo. Mwambowu sitiunyoza. Ndi wabwino kwa munthu amene ali nako kwawo. Koma onse amene anakhala pabwalo tsiku limenelo ankadziwa kuti bambo awa alibe. Munda ndi nyumba zinapatsidwa kwa a Frazer, ndipo kuyambira pamenepo a Frazer anayamba kudziwika kuti a Mwale.

Malemu sanakangane ndi munthu. Anati chibale ndi fupa sichiola, apite akafune awo. Mu Juni 2022 anasita malaya awo a kutchalitchi, ananyamula thumba la mtedza la mphatso, n'kukwera basi ya ku Mangochi. Atatsika anafunsa mnyamata wa kabaza ngati akudziwa kwa a Rajabu. Mnyamatayo anaseka, n'kufunsa kuti Rajabu wake uti, wopha mbuzi, mphunzitsi, wa usipa kapena wa minibasi, poti ngakhale iye mwini ndi Rajabu. Malemu anatiuza kuti pamenepo misozi inalengeza. Anati chikhalire sanadziwe kuti mtundu wawo ndi waukulu chotero.

Anayenda ku Malindi, ku Namwera, mpaka ku Katuli. Mudzi uliwonse unali ndi Rajabu wake. Ankalandiridwa bwino, sitinganame, ankapatsidwa madzi ndi pogona. Koma akafika pa malonje, funso linali limodzi: mayi anu anali a mudzi uti, atsibweni anu ndani? Zimenezo malemu sankazidziwa.

Amene anawamasulira ndi shehe wina wokalamba wa ku Namwera. Anawakhazika pamkeka n'kuwauza mosabisa kuti Rajabu si mfunda ayi. Ndi dzina la Chiarabu la mwezi wachisanu ndi chiwiri pa kawerengedwe ka Asilamu, ndipo limachokera ku mawu otanthauza kulemekeza. Ndi umodzi mwa miyezi yopatulika imene anthu akale ankatula zida, nkhondo n'kuima, ngakhale mdani n'kudutsa osamukhudza. Dzinali linafika kuno ndi amalonda ndi aphunzitsi a chipembedzo ochokera kugombe la nyanja yamchere. Mwana wamwamuna akabadwa m'mwezi umenewo, makolo amatha kumutcha Rajabu, ndipo ana ake amadzatenga dzinalo ngati la bambo. N'chifukwa chake a Rajabu ali ponseponse, ku Machinga, ku Salima, ku Nkhotakota, mpaka ku Tanzania, koma ambiri palibe chowalumikiza. Munthu sangapeze kwawo pofunsa dzina limeneli.

Malemu anathokoza, anasiya thumba la mtedza pakhomo pa shehe, n'kubwerera. Podutsa anapatukira ku esiteti kuja kuti akaone manda a atate awo. Anapeza bulugama anadulidwa kalekale, pamalopo pali mizere ya soya. Anafika kuno ku Mtunthama, kwa mwana wawo a Olive amene amasoka zovala pakhonde la golosale, ndipo mawu oyamba anali akuti ankayesa ali ndi mtundu, koma ali ndi mwezi chabe. Ku Kasungu dzina linawapanga mlendo chifukwa anali okha. Ku Mangochi linawapanga mlendo chifukwa anali ambiri.

Zaka zawo zomaliza anakhala pakhonde pomwepo. Manja amene anasoka fodya moyo wonse anayamba kusokera mabatani. Kutsidya kwa msewu kuli a Asani Rajabu, okonza njinga, a ku Nkhotakota. Awiriwa anafufuzana mpaka kwa azigogo ndipo sanapeze ubale ngakhale wa ulusi. Komabe ankaitanana kuti a mwezi wanga. A Asani ankawanena kuti anajomba kumzikiti zaka makumi anayi, Lachisanu likubwerali akayambe kulipira. Malemu ankabweza kuti adzapita tsiku limene a Asani adzabwere kudzaliza belu. Ndi pakhonde limeneli pamene tinawaonanso akuseka n'kudya madzulo ake.

Mu Sepitembala 2024 chifuwa chimene chinkawavuta kuyambira m'zigafa chinakula. Anagonekedwa kawiri kuchipatala cha ku Boma. Madokotala anayesetsa. Lachiwiri pa 14 Januwale 2025, m'mawa, anatsirizika ali m'manja mwa a Olive. Anasiya pempho limodzi lokha, ndipo analibwereza mpaka mawu atatha: akagone pafupi ndi akazi awo, pa danga lija la pamsuku.

Uthenga unapita ku Chisemphere tsiku lomwelo. Yankho linabwera lakuti munthu wosudzulidwa sabwerera. Lachitatu a Olive ndi a Nthanda anapita okha. Anagwada m'matope pamaso pa atsibweni awo. Anauzidwa kuti m'manda amenewo simunagonepo Rajabu chiyambire, akawaike kwa anzawo achisilamu. Awa ndi bambo amene analiza belu la tchalitchi cha mudzi umenewo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Madzi amene ana awo anapatsidwa kuti asambe m'maondo pochoka anatungidwa pachitsime chimene malemu anakumba. A Frazer analipo koma sanagwade nawo. Sitikuwaweruza. Ali ndi ana, munda ndi womwewo, ndipo fodya wawo ali m'munda. Tikungonena zimene zinachitika.

Thupi linadikira. Lachinayi a Asani anatikumbutsa kuti pa kawerengedwe ka kwawo mwezi uno ndi wa Rajabu, umene ngakhale adani amalekana. Eni nthaka ya kuno atamva kuti ku Chisemphere atikaniza, anatipatsa malo kumanda a alendo, kumene amagona matenanti amene kwawo n'kutali. Adzukulu anafunsa kuti m'bale wa malemu woti aloze pokumba ali kuti. Kenaka a Asani anaimirira, manja ali ndi girisi, n'kunena kuti iwo ndi Rajabu, ngati akufuna Rajabu ndi ameneyu. Anatsogola, n'kuloza. Pomaliza malemu anamupeza m'bale wa dzina amene anamufunafuna, koma anamupeza kutsidya kwa msewu, ndipo si m'bale.

Bambo Lameki Rajabu atisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi. Asiya ana atatu, a Olive Rajabu, a Frazer Mwale ndi a Nthanda Rajabu, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ngati kuli atsibweni kapena asuweni kwinakwake ku Mangochi, sakudziwa kuti lero afedwa.

Ife apabanja tikuthokoza eni nthaka ya kuno chifukwa cha malo. Tikuthokoza matenanti a m'maesiteti oyandikira, a ku Mulanje, a ku Phalombe ndi a ku Dedza, amene anasiya fodya m'munda n'kudzakumba m'dothi lonyowa kwa munthu amene ambiri sankamudziwa. Tikuthokoza amayi a mvano amene akhala m'siwa kuyambira Lachiwiri, abusa ndi akulu a mpingo wa kuno, anamwino a ku Boma, ndi abale a kumzikiti amene anabwera ndi makasu awo osafunsa kuti malemu ankapemphera kuti. A Asani, mawu okuthokozerani tilibe. Akuchikazi a ku Chisemphere tikuwathokoza potitumizira mpando wa malemu ndi jekete lawo.

Tikanyamuka pano, bokosi lili ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi. Zisanu zili ndi eni ake kale. Cha kumutu, mbali ya kumanja, tachisiya dala. A Frazer, tikukuonani mwakhala kumbuyoko. Palibe akukukakamizani, ndipo palibe adzakufunseni dzina.

A Rajabu, danga la pamsuku talephera kukupezerani, mutikhululukire. Koma apa tikukusiyani palibe adzakuitaneninso pabwalo kuti mubwerere kwanu. Mwafika. Mzimu wanu uuse mumtendere.