Msilikali amene anakwera padenga la tchalitchi

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Bwanje. Chaka chimene madzi osefukira anakokolola mlatho wathu, tinathawira kutchalitchi cha kumtunda. Mafoni anasiya kugwira, pomwe mwana wanga woyembekezera matenda anali atamuyamba. Ndinkangolira.

Masana kunafika asilikali oyenda pansi, matope mpaka m'chiuno. Mmodzi, mtsikana wa gulu lotumiza mauthenga, anali atabereka wailesi. Ataona kuti mawu ake sakufika kulikulu, anakwera padenga mvula ikumukwapula, n'kumangirira waya pamtanda.

Kenaka anafuula: "Amayi, pukutani misozi, atimva! Helikopita ikubwera!"

Tchalitchi chonse chinangoti nthungululu. Mdzukulu wanga anabadwira kuchipatala, ndipo lero ali sitandade 3, wolongolola zedi. Msilikali uja sindinamufunse ngakhale dzina. Ngati mukumvera, mwanawe, dziwani kuti ku Bwanje muli ndi amayi anu.