Kusala kwa Mayi Stamatia

Pamzere woyezetsa magazi pachipatala china ku Larisa, Mayi Stamatia, odwala shuga, ankanyambita zala. Bambo wina wowonda kumbuyo kwawo analephera kupirira.

"Mayi, mwadya? Magazi amenewa amatenga munthu atasala kudya."

"Ndasala, bambo. Chiyambire Lenti sindinalawe nyama, mazira kapena mkaka. M'mawa uno buledi ndi halva basi."

"Kumeneko ndi kusala kwa kutchalitchi. Kuno amafuna m'mimba mopanda kanthu. Halvayo ndi shuga yekhayekha."

"Ayi, halva amapanga ndi chitowe."

"Akuyeza C-peptide, aone ngati thupi lanu likupangabe insulini kapena muyambe jakisoni. Mukadya, magazi amanama."

"Jakisoni azibaya inuyo. Thupi ili likupanga insulini wambirimbiri. Adokotala akuti ndanenepa, ndiye silikumumvera insuliniyo. Nanga lidamverapo ndani? Malemu amuna anga adayesa, adalephera."

"Akubwezani lero, muona."

"Andibweze, kunyumba sikutali. Ansembe andiletsa nyama, adokotala andiletsa buledi. Akhale pansi awiriwo, agwirizane choti andisiyire. Pamene akukambiranapo, ine ndizidya halva wanga."