Galu wa apongozi ataluma Wezi ndinakhala chete masiku anayi

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, makamaka amayi anzanga okwatiwa kutali ndi kwanu. Lero ndikufuna ndikuuzeni za nthenda imene ndinakula nayo osadziwa kuti ndi nthenda. Nthendayo ndi mantha, ndipo inatsala pang'ono kundiphera mwana wanga Wezi ali ndi zaka zinayi zokha.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakwatiwa kuno ku Mzimba, m'mudzi wina kumwera kwa Embangweni, kufupi ndi malire a Kasungu. Kwathu ndinali Nabanda, kuno ndinasanduka NyaBanda. Amuna anga anapita ku Joni Wezi asanayambe kuyenda, monga amachitira amuna ambiri kuno, ndipo ndinatsala pakhomo pa apongozi tikulima fodya ndi chimanga. Tsiku limene ndinafika, azilamu anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa mwambo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada. Kukhola la ng'ombe safikako. Akakhala ndi nkhani amauza apongozi aakazi, iwowo ndiwo amaipititsa. Ndiponso poti ng'ombe za malowolo zinapita kwathu, mwana ndi wa pakhomo pano, sungangomubereka n'kupita naye kumene wafuna osatsanzika.

Ndisanamizire mwambo. Akamwana anzanga amausunga mwambo womwewu koma nkhani zawo zimafika kumene zikupita, chifukwa akakanizidwa kamodzi amabwereranso mawa, kapena amatuma alamu awo. Ine mwambowu ndinaukonda pa chifukwa china. Unandipatsa pobisala. Chibadwire ndinali munthu woti wogulitsa akandipatsa tomato wowola ndimathokoza n'kukamutayira kunyumba. Kusukulu yankho ndikulidziwa sindinkakweza mkono. Ndiye nditafika kumalo koti kukhala chete kumatchedwa ulemu, ndinangoti Mulungu wandikonda. Anthu ankanditama kuti NyaBanda ngwaulemu chomene, ine n'kumamwetulira, chonsecho mumtima ndikudziwa kuti ndine wamantha basi.

Zinachitika nthawi yosankha fodya. Tinali m'chigafa ine ndi apongozi aakazi, Wezi akusewera panja ndi zitsononkho. Apongozi aamuna anali ndi galu wawo dzina lake Sajeni, galu wofatsa amene ana ankamukoka makutu iye n'kumangogwedeza mchira. Tsiku limenelo Sajeni anangotulukira kuseri kwa nkhokwe, osauwa, osachenjeza, n'kumuluma mwanayo pakatumba ka mwendo. Nditathamangira kukamunyamula ndinaona maso a galuyo. Sanali maso a Sajeni amene ndinkamudziwa, ndipo dovu linali lenda pakamwa.

Apongozi aakazi anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa. Anatuma munthu kukadula ubweya wa kumchira kwa galuyo, anauwotcha, phulusa lake n'kulipaka pabala. Anachita mwachikondi, Wezi ndi mdzukulu wawo wapamtima. Mawa lake galu sanaoneke, ndipo nditafunsa anandiuza kuti wapita kotsatira agalu aakazi, abwera. Bala linali laling'ono, mano awiri okha, ndipo linayamba kuuma msanga. Pakhomo ponse anthu anati zatha.

Kwa ine zinali zisanathe. Ndili mtsikana ku Dowa, bambo wina woyandikana nafe analumidwa ndi galu padzanja, bala linapola bwinobwino, iwo n'kuiwala. Patapita mwezi ndi masabata anayamba kuopa madzi. Akaona kapu ankakuwa n'kumadzigwira pakhosi, mpaka anthu anachita kuwamanga ndi zitenje pa machira. Anamwalira akuzindikira aliyense. Amayi anga anandiuza kuti chimenecho ndicho chiwewe, ndipo chikangoyamba kuoneka palibe chipatala chimene chimabweza munthu. Mankhwala ake ndi jakisoni wobayitsa msanga, matenda asanadzuke. Zonsezi ndinkazidziwa. Pakhomo paja amene anaonapo chiwewe ndi maso ake mwina ndinali ine ndekha.

Tsiku lachiwiri ndinalimba mtima n'kuwauza apongozi aakazi, mawu ake otsika ngati ndikupempha mchere. Ndinati kodi sikungakhale bwino mwanayu akaonedwe kuchipatala. Anasiya kumanga fodya n'kundiyang'ana.

"Chilonda chapola, ukupenjachi, NyaBanda? Ukuti munkhwala wane ngwautesi? Panyake ukuti galu wa adada ngwamisala? Mbwenu kawauze wekha."

M'Chitumbuka chawocho ankandifunsa chimene ndikufuna bala litapola kale, ngati ndikuti mankhwala awo ngabodza kapena galu wa apongozi aamuna ngwamisala, ndipo ngati ndi choncho ndikawauze ndekha. Ndinati pepani amama, n'kupitiriza kusankha fodya. Iwo ankadziwa kuti sindingapite kukawauza ndekha, inenso ndinkadziwa. Ndinayimbira amuna anga ku Joni. Anali pantchito, phokoso la makina lili pwirikiti, ndipo anangoti mwanayo ali pakhomo pa adada, iwo ndi amene angagamule, usandichititse manyazi. Foni inaduka ndisanatchule n'komwe liwu loti chiwewe.

Abale anga, masiku amenewo sindidzawaiwala. Ndinkatenga kapu ya madzi n'kumupatsa Wezi, ndikumuyang'anitsitsa pakhosi kuti ndione ngati ameze. Akameza ndinkapuma. Pakapita kanthawi mantha ankabweranso, n'kutunganso madzi ena. Tsiku limodzi ndinamupatsa mwina kakhumi, mpaka mwana anakankha kapu n'kunena kuti amama ndakhuta. Atangokankha choncho ndinakhala pansi pomwepo ndikuganiza kuti zayamba. Chakudya chinkandikanika. Akaseka kwambiri ndinkaopa, akakhala chete ndinkaopa. Ndipo pamwamba pa mantha onsewa panali mantha ena ochititsa manyazi, oti ndikalankhula anthu anena kuti Mchewa uja wayamba mwano, kwa eni kulibe mkuwe. Ndinkayika moyo wa mwana wanga mbali ina, mbiri yanga ya ulemu mbali ina, ndipo kwa masiku anayi mbiri ndi imene inkalemera. Ndikulemba izi misozi ikutuluka, koma ndi zoona.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinapita kumunda ngati ndikukathyola chimanga, n'kugwada pakati pa mapesi. Masiku onse aja ndinkapemphera pemphero limodzi, loti Ambuye tumizani munthu. Tumizani mlangizi wa zaumoyo adutse pano, tumizani abusa, tumizani alamu anga aone okha. Palibe anabwera. M'mawa umenewo ndikulira, ndinamva mumtima mwanga funso limene silinachokere kwa ine, loti kodi mayi wa mwanayu ndani. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinkadikira kuti wina adzanditsekulire. Ndinasintha pemphero. Ndinati Ambuye, mantha musawachotse ngati simukufuna, koma tsegulani pakamwa panga ndipo muyendetse miyendo yangayi.

Mantha sanachoke. Ndinanyamuka nawo. Apongozi aamuna anali kukhola akutsegulira ng'ombe, kumalo kumene pa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanapondeko. Njira yake ndi yaifupi koma ndinatuluka thukuta ngati ndakwera phiri. Alamu anga aakazi anali pamtondo, anasiya kusinja n'kungoti kakasi. Ndinafika pachipata cha khola, ndinagwada, maso pansi, ndipo mawu anatuluka okha osakonzekera.

"Adada, ndapota, ndikhululukireni. Ndalakwa kufika pano. Sajeni anali ndi chiwewe, ndinamuona maso. Wezi akapanda kubayidwa jakisoni afa. Mundilange mmene mungafunire, koma mundilole ndipite naye lero."

Ndinkadikira kukalipiridwa, kapena kuuzidwa kuti ndilongedze ndizipita ku Dowa mwana atsale. Kenaka ndinamva akuti, "Nyamuka, mwana wane. Zanga uone."

Ankatanthauza kuti ndibwere ndione, ndipo ananditsogolera kuseri kwa khola. Pamenepo panali dothi lofukulidwa kumene, atatsindirapo miyala. Anandiuza, Chitumbuka ndi Chichewa chosakaniza kuti ndimve bwino, kuti galuyo sanapite kulikonse. Tsiku lotsatira lija anamupeza akuluma mitengo ya khola, atalumanso thole, kamwana ka ng'ombe, pamphuno. Anamupha okha ndi chibonga n'kumukwirira. Anawauza akazi awo, koma iwo anati mankhwala apaka kale, asadzetse chipwirikiti. Ndipo kwa mayi wa mwana sakanatha kubwera, chifukwa mpongozi wamwamuna salankhula ndi mkamwana. Ankayembekeza kuti ngati pali choopsa ine ndituma mawu, ndipo poona kuti ndili chete ankadzitonthoza kuti ndiye kuti mwana ali bwino.

"Nane nkhuwopa chomene," anatero, kutanthauza kuti nawonso akuopa kwambiri. "Galu ngwane. Mazuwa ghose agha chakudya chikundikana."

Ndinawayang'ana kumaso koyamba chikwatiwire. Anali nkhalamba yotopa, maso ofiira, yamantha ngati ine ndemwe. Masiku anayi tinakhala pakhomo limodzi, aliyense akudziwa theka la choonadi, aliyense akudikira mnzake, mwana akusewera pakati pathu.

Sanapite kukafunsa munthu. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, ine ndinabereka Wezi, tinakwera njinga zamoto mpaka pamsewu, kenaka matola opita ku Mzimba boma. M'galimotomo malo anali ochepa, ndipo tinakhala moyandikana, mwana ali pamiyendo pawo. Amayi ena a m'mudzi mwathu amene anali momwemo ankatsinana. Tsiku limenelo ndinalibe nazo ntchito.

Kuboma tinayambira kwa a vetenale, chifukwa munthu wolumidwa ndi galu amatenga kalata kumeneko. Atafunsa kuti galuyo ali kuti, apongozi anafotokoza zonse osabisa, ngakhale zoti galuyo sanabayitsidwepo katemera. Kuchipatala namwino anatsuka bala lija, natiuza kuti likanayenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri tsiku lomwelo. Anandifunsa kuti mayi, masiku onsewa munali kuti. Wezi anabayidwa jakisoni woyamba, ndipo anatilembera masiku obwereranso. Ndinafunsa ngati mwana wanga apulumuke. Namwinoyo sanandinamize. Anati mwachedwa koma matenda sanayambe kuoneka, musaphonye tsiku ngakhale limodzi, zinazo tisiyire Mulungu.

Sitinaphonye. Ulendo uliwonse apongozi aamuna ankatiperekeza. Apongozi aakazi anakhala masabata osandiyankha bwino, ndipo m'mudzi nkhani inali yoti mkamwana wa ku Dowa walowa kukhola. Zinkandiwawa, sindikana, ndipo mantha a chiwewe anali akadali nane tsiku lililonse. Sabata yachisanu thole lija linasiya kuyamwa. Linayamba kulira modabwitsa, dovu likuchucha, likudzigunditsa kumitengo, ndipo pa tsiku lachitatu linafa. A vetenale anabwera n'kulamula kuti lisadyedwe, likwiriridwe mozama. Tonse tinaima patali tikuonerera amuna akukumba, ndipo palibe amene anafunika kuuzidwa tanthauzo lake. Galu yemweyo, sabata yomweyo. Wezi anali kumbuyo kwanga akuyimba kanyimbo ka kusande sukulu, osadziwa kanthu. Apongozi aakazi anabwera, anamunyamula, anamukumbatira mpaka mwana anadandaula, kenaka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Yewo, NyaBanda. Yewo chomene." Tinalira tonse awiri.

Papita zaka ziwiri tsopano. Wezi ali moyo, wayamba sitandade wani, ndipo amalankhula kuposa wailesi. Ine sindinasanduke munthu wolimba mtima tsiku limodzi, ayi. Ndimaphunzira pang'onopang'ono ngati mwana woyamba kuyenda. Ndinayamba ndi zazing'ono, kufunsa kuchipatala pamene sindinamve, kuwauza amuna anga pafoni zimene ndikuganiza mpaka nditamaliza. Chaka chatha anandisankha kulowa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndipo tsiku loyamba kuyima pamaso pa anthu kuwauza za katemera wa agalu ndinkaopa, koma ndinalankhula mpaka kumapeto. Mwambo ndimausungabe. Ndikakumana ndi apongozi panjira ndimapatuka n'kugwada, chifukwa ndimawalemekeza kuposa kale. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ndikagwada amaima, n'kundifunsa ngati pali mawu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatumize munthu amene ndinkamupempha, koma anandidzutsa ine ndemwe. Ndikuthokozanso chifukwa cha apongozi anga, amene anasankha mdzukulu kusiya manyazi. Inu amene mukuwerenga, mwina pali mawu amene mwakhala mukuwameza, za chotupa chimene mwachiona pathupi panu, za mwana amene sakuoneka bwino, za chinthu chimene aliyense pakhomo akuti zatha inu mukudziwa kuti sizinathe. Musadikire kuti mantha ayambe achoka, ine anga sanachoke. Pempherani, nyamukani nawo, mukagwade ngati pakufunika kugwada, koma mukanene. Mwina munthu amene mukumuopayo nayenso wakhala akudikira kuti inu muyambe. Ine ndinachedwa masiku anayi ndipo Ambuye anandichitira chifundo. Inu musayese kuwerenga kuti muli ndi masiku angati, kaneneni lero.